Kadontho Kakuda ka Kuphazi

Munthu wofika pa doko la Kachulu m'maŵa, mabwato akamakocheza kuchokera ku Chisi ndi ku zimbowera, maso ake amathamangira ku nsomba. Amaona matemba akuyanikidwa, milamba ikupindidwa kuti iŵambidwe, makumba akuŵerengedwa m'madengu, ogula ndi ogulitsa akukangana za mtengo. Palibe amene amayang'ana pansi. Koma pansipo ndi pamene pali chuma chenicheni cha anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndicho mapazi awo. Phazi ndilo limakankha bwato m'matope, limaponda m'minda ya mpunga ku Likangala ndi ku Domasi, limapalasa njinga yonyamula nsomba mpaka ku msika wa Zomba. Nyanja ikaphwa, monga idachitira m'zaka za 1968 ndi 1995, phazi lomwelo ndilo limayenda mtunda wautali pa dothi long'aluka kulondola madzi otsala.

Komabe phazi ndi chiŵalo chimene sichionedwa kaŵirikaŵiri kuchipatala. Wodwala amayasamula kukamwa, amakweza malaya, amapereka chala kuti amuyeze malungo. Phazi limatsala pansi pa benchi, lili ndi fumbi la m'njira. Kumeneko ndi kumene kumabisala khansa ya khungu yotchedwa melanoma. Ogwira ntchito zachipatala m'Malaŵi adzapulumutsa odwala matendaŵa pokhapokha atamvetsa mmene khansayi imabadwira ndi mmene imakulira m'thupi la munthu wakuda, osati m'thupi la mzungu wa m'mabuku.

Nkhani yozoloŵereka

Nkhani ya wodwala melanoma kumudzi, kaya ndi kwa Mwambo, kwa Kuntumanji kapena m'maiko ena a mu Africa, kaŵirikaŵiri imayenda motere. Msodzi wachikulire, kapena mayi wolima mpunga, amakhala ndi kadontho kakuda kuchidendene. Sikaŵaŵa, sikayabwa, sikamuletsa kugwira ntchito. Mwina sadziŵa n'komwe kuti kalipo, pakuti ndani amayang'ana kunsi kwa phazi lake? Chaka chimatha, chinanso n'kutha, kadontho kaja kakufutukuka pang'onopang'ono ngati mafuta odonthera pa nsalu. Tsiku lina pakati pake pamatumphuka chotupa, chimaphulika, n'kuyamba kuchucha magazi.

Apa ndi pamene munthu amafuna chifukwa, ndipo chifukwa sichisoŵa. "Ndidaponda munga wa mlamba," amatero. Kapena chidali chitsa cha njedza, kapena thekenya lozulidwa moipa. Achibale ena amanong'ona kuti munthuyo adaponda zotchera za adani. Sing'anga amatema mphini m'mbali mwa chilonda, napakamo mankhwala. Zikakanika, wodwala amapita ku chipatala chaching'ono chapafupi, kumene wachipatala mmodzi ali ndi mzere wa anthu wofika panja. Iye amatsuka chilonda, amachimanga bandeji, napereka mapiritsi. "Bambo, mubwerenso sabata yamaŵa tidzatsukenso." Wodwala amabweradi, kaŵiri, kasanu, kakhumi. Chilonda sichipola. Kenaka m'mphechepeche mumatuluka mwanabere wolimba ngati mwala, ndipo pamenepo m'pamene kalata yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu imalembedwa. Koma madzi akatayika saoleka.

Pa ulendo wonsewu palibe woipa mtima. Wodwala sadanyozere, wachipatala sadachite ulesi. Aliyense adachiza chimene adachiona, ndicho chilonda. Chidasoŵa ndi chidziŵitso chakuti si chilonda chilichonse chimene chimayamba ndi kuvulala. China ndi khansa yobisala m'chilonda.

Kumene khansayi imachokera

Khungu la munthu lili ndi zigaŵo ziŵiri zikuluzikulu. Pamwamba pali gaŵo limene lilibe mitsempha ya magazi. Pansi pake pali gaŵo lodzaza ndi mitsempha ya magazi, ndiponso timitsempha tina tonyamula madzi a m'thupi kupita nawo ku anabere, amene ntchito yawo ndi kusefa madziwo ndi kukola zoipa. Pa malire a zigaŵo ziŵirizi pamakhala maselo apadera otchedwa melanosaiti. Iwo amapanga utoto wotchedwa melanini, naugaŵira maselo oyandikana nawo kuti ukhale ngati ambulera pamwamba pa DNA, ndilo buku la malangizo limene selo lililonse limasunga m'kati mwake.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wakuda ndi mzungu ali ndi chiŵerengero chofanana, kapena pafupifupi chofanana, cha maselo ameneŵa. Kusiyana kuli pa kuchuluka ndi mtundu wa utoto umene maselowo amapanga. Mmalaŵi ali ndi melanini wambiri, n'chifukwa chake msodzi angathe kukhala tsiku lonse pa nyanja khungu lake osasupuka ndi dzuŵa. Koma popeza maselowo ali nawo, angathenso kudwala khansa yawo. Melanoma imayamba pamene malangizo a m'kati mwa selo limodzi lotere asokonezeka, selolo n'kuyamba kuswana mosalekeza, osamveranso malamulo a thupi.

Maselo ameneŵa ndi oyendayenda chibadwire. Mwana akamaumbika m'mimba mwa mayi wake, iwo amayambira pafupi ndi msana, nayenda thupi lonse mpaka kukafika ku nsonga za zala. Akatswiri ambiri amaganiza kuti akasanduka khansa amadzutsanso luso lakale lija. Chodziŵika bwino n'chakuti melanoma, ngakhale ikhale yaing'ono, imafulumira kusamukira ku anabere, ku mapapo, ku chiŵindi, ku mafupa ndi ku ubongo kuposa khansa zina zofala za khungu.

Buku la kunja, phazi la kuno

Matendaŵa si atsopano. Dokotala wa ku France, René Laennec, yemwe adapanganso chida chomvetsera m'chifuŵa chimene madokotala amakoloŵeka m'khosi, adawafotokoza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Kuyambira pamenepo zambiri zolembedwa za melanoma zachokera ku maiko a azungu, ndipo pali chifukwa chomveka. M'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 325,000 pa dziko lonse adapezeka ndi khansayi, ndipo pafupifupi 57,000 adamwalira nayo. Ochuluka mwa iwo adali a khungu loyera, ndipo maiko a Australia ndi New Zealand ndiwo ali patsogolo. Kumeneko mdani ndi cheza cha dzuŵa chotchedwa UV, chimene chimaononga DNA pa khungu lopanda utoto wokwanira. Tsono mabuku amaphunzitsa kuti melanoma imamera pa msana, pa nkhope ndi pa miyendo, malo opsa ndi dzuŵa. Ndipo zithunzi zake zimaonetsa banga lakuda pa khungu loyera.

Wophunzira unamwino akaŵerenga zimenezi amatseka buku ali ndi maganizo akuti ameneŵa ndi matenda a azungu. Theka la maganizowo ndi loona, pakuti melanoma ndi yosoŵa pakati pa anthu akuda. Theka linalo ndi limene limapha. Mwa anthu akuda khansayi imakonda malo amene utoto uli wochepa ndiponso dzuŵa silifika: kunsi kwa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. M'chaka cha 1967 dokotala M. G. Lewis adalemba za odwala a ku Uganda, naonetsa kuti ambiri mwa iwo khansayi idawagwira kuphazi. M'chaka cha 1976 katswiri wa ku America, Richard Reed, adaupatsa mtundu umenewu dzina lakelake, acral lentiginous melanoma.

Ofufuza a masiku ano atasanthula DNA ya mtundu umenewu adapeza kuti zipsera za dzuŵa, zimene zimadzaza mu melanoma ya pa msana wa mzungu, n'zochepa kwambiri kapena mulibe. Ndiko kunena kuti dzina ndi limodzi koma matenda ndi aŵiri. Ofufuza a ku Japan, m'chaka cha 2016, adaika chizindikiro pa malo amene khansayi idamera pa mapazi a odwala awo, napeza kuti imakonda chidendene ndi kutsogolo kwa phazi, malo osenza thupi poyenda. Izi sizitanthauza kuti nsapato ndi katemera, pakuti ovala nsapato nawonso amadwala. Koma zikuuza wachipatala pamene ayenera kuyang'anitsitsa.

Chitsanzo chimene aliyense angachikumbukire ndi cha woimba wa ku Jamaica, Bob Marley. M'chaka cha 1977 chala chachikulu cha phazi lake chidali ndi bala pansi pa chikhadabo, ndipo ambiri adati adavulala poseŵera mpira. Madokotala atapeza kuti idali melanoma adamulangiza kuti chalacho chidulidwe, koma iye adakana, navomera opaleshoni yaing'ono chabe. Mu Epulo 1980 adaimba ku Rufaro Stadium pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe, akuoneka wamphamvu. Pa 11 Meyi 1981 adamwalira ku Miami ali ndi zaka 36, khansa itafika ku mapapo ndi ku ubongo. Ngati bala la pa chala lidanamiza munthu wotchuka chotero, wokhala ndi ndalama ndi madokotala a ku London, nanga msodzi wa ku Chisi?

Milimita imodzi

Phunziro lalikulu koposa pa kakulidwe ka melanoma ya kuphazi ndi lakuti imakula m'njira ziŵiri motsatizana. Poyamba imayala cham'mbali, m'gaŵo lapamwamba la khungu, monga kapinga amayalira pa bwalo asanazike mizu. Nthaŵi imeneyi ingathe kukhala miyezi yambiri, mwina zaka. Popeza m'gaŵolo mulibe mitsempha, khansa ilibe njira yotulukira, ili m'khola. Dokotala akaichotsa pamodzi ndi kachigamba ka khungu labwino koizungulira, nthaŵi zambiri nkhani imathera pomwepo. Ikasiyidwa, imatembenuka n'kuyamba kuloŵa pansi. Ikafika ku timitsempha tija, yapeza msewu.

M'chaka cha 1969 Wallace Clark adasonyeza kuti tsogolo la wodwala limadalira gaŵo la khungu limene khansa yafika. Chaka chotsatira, 1970, Alexander Breslow adapeza njira yophweka koposa: kuyeza kuchindikala kwa chotupacho pa maikulosikopu, m'mamilimita. Mpaka lero muyeso wa Breslow ndiwo umatsogolera madokotala. Melanoma yosapitirira milimita 1, ndiye pafupifupi theka la kunenepa kwa njere ya mpunga, ikachotsedwa bwino isanafalikire, odwala oposa 9 mwa 10 alionse amakhala moyo zaka 5 ndi kupitirira apo. Ikapitirira mamilimita 4, makamaka itaphulika n'kukhala chilonda, mwayi umachepa, ndipo ikafika ku ziŵalo za m'kati umachepa koposa. Muyeso womwewo ndiwo umauza dokotala kukula kwa khungu loti achotse: sentimita 1 kuzungulira khansa yopyapyala, masentimita 2 kuzungulira yochindikala.

Wachipatala amene wamvetsa zimenezi saonanso miyezi itatu ya mabandeji ngati chithandizo. Amaiona ngati mamilimita otayika. Amamvetsanso chifukwa chake n'kulakwa kupala, kutentha kapena kudula chotupa chokayikitsa n'kutaya chimene chachotsedwa, pakuti potero amataya umboni wokhawo umene ukadanena dzina la matenda ndi kuzama kwake, pamene mizu yatsala. Amamvetsa chifukwa chake dzanja lake liyenera kupapasa m'mphechepeche mwa aliyense wa chilonda chosapola cha kuphazi, ndi m'khwapa mwa wa chilonda cha m'dzanja: kumeneko ndi kumene madzi a m'mwendo ndi a m'mkono amadutsa. Amadziŵa kuti ngakhale wochitidwa opaleshoni ayenera kumaonedwanso pakatha miyezi ingapo iliyonse, chifukwa maselo othaŵa angathe kutulukira ngati timatotupa takuda m'mwendo, pakati pa chipsera ndi mphechepeche. Munthu wongoloŵeza malamulo amawaiŵala mzere ukatalika. Womvetsa chifukwa chake saiŵala.

Zizindikiro ndi misampha

M'chaka cha 1985 madokotala a ku New York adakonza lamulo lothandiza kuzindikira banga loopsa, ndipo lidaonjezedwa mu 2004. M'Chicheŵa lingafotokozedwe motere: banga limene mbali zake ziŵiri sizifanana, limene malire ake ndi okhotakhota kapena osaoneka bwino, la mitundu yosakanikirana, kwina kwakuda bii, kwina kofiirira, kwina kotuŵa, lokula kuposa mamilimita 6, pafupifupi kunenepa kwa pensulo, ndiponso, chachikulu pa zonse, limene likusintha. Pa chikhadabo chenjezo ndi mzere wakuda pa chala chimodzi, umene ukukula m'lifupi, kapena utoto wosefukira pa khungu la m'mbali mwa chikhadabo, chizindikiro chimene Jonathan Hutchinson wa ku England adachifotokoza m'zaka za m'ma 1880. Magazi oundana chifukwa chopunthwa amayenda ndi chikhadabo chikamakula mpaka kutha; khansa imakhala pomwepo.

Pali chizindikiro china chimene mlimi aliyense angachimvetse. Khungu la kuphazi ndi la m'chikhatho lili ndi timizere, timene timapanga chidindo cha chala, ndipo lili ngati munda wounga bwino: pali mzere, pali khwaŵa. Madokotala a ku Japan, poyang'ana ndi kagalasi kokulitsa kokhala ndi nyali, adaona kuti m'kadontho kosaopsa utoto umagona m'makwaŵa, pamene mu melanoma yoyamba kumene utoto umakwera pamwamba pa mizere. Kagalasi kotere kamakwana m'thumba la malaya, ndipo kangathandize chipatala chathunthu.

Misampha ya kuno ilipo iŵiri. Woyamba ndi wakuti melanoma ina ilibe utoto konse. Imaoneka ngati mnofu wofiira wotumphuka, ndipo imanamiza ngakhale akatswiri. Wachiŵiri ndi khansa ya Kaposi, imene ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri m'Malaŵi, makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV, ndipo nayonso imakonda kutulutsa maŵanga akuda kumapazi. Diso lozoloŵera Kaposi lingathe kuona Kaposi paliponse. Koma matenda aŵiriŵa sachizidwa mofanana: Kaposi imagonja ku ma ARV ndi mankhwala a khansa, pamene melanoma imafuna mpeni. Wosiyanitsa weniweni ndi kachidutswa ka mnofu koikidwa m'kabotolo ka mankhwala a formalin n'kutumizidwa kwa akatswiri oyeza minofu, ku Blantyre kapena ku labotale ya chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, imene idakhazikitsidwa mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina.

Anthu achialubino ali ndi nkhani yawo yapadera. Maselo a melanosaiti ali nawo, koma sapanga utoto wokwanira, choncho dzuŵa ndi mdani wawo weniweni. Khansa imene imawavutitsa kwambiri si melanoma, koma mitundu ina yomera pa nkhope, pa makutu, m'khosi ndi m'mikono. Kwa iwo chipeŵa, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuŵa ndiwo moyo. Uwu ndi umboni winanso wakuti uphungu umodzi sungakwanire makungu onse. Wachipatala wodziŵa ntchito ya melanini amayang'ana mwalubino ku nkhope, nayang'ana mbale wake wakuda kuphazi.

Mankhwala atsopano ndi mtengo wake

Ku maiko olemera, kumvetsa melanoma kwabala zipatso zodabwitsa. Mu 2002 ofufuza a ku Britain adapeza vuto pa kachigaŵo ka DNA kotchedwa BRAF, limene limapezeka mwa pafupifupi theka la odwala melanoma ya pakhungu. Kachigaŵoka kamakhala ngati swichi yokanirira, yolamula selo kuswana usana ndi usiku. Pofika 2011 padali mankhwala otseka swichiyo. Ena adatulukira kuti khansa imafooketsa asilikali a m'thupi powagwira mabuleki. Mankhwala omasula mabulekiwo adavomerezedwa mu 2011 ndi mu 2014, ndipo James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan adalandira mphotho ya Nobel mu 2018 chifukwa cha ntchitoyi. Jimmy Carter, yemwe adali pulezidenti wa America, adapezeka ndi melanoma ku chiŵindi ndi ku ubongo mu 2015, ali ndi zaka 90. Atachitidwa opaleshoni, kuthandizidwa ndi makina a cheza ndi kulandira mankhwala atsopanoŵa, adakhala moyo mpaka Disembala 2024, ali ndi zaka 100.

Koma nkhani yokomayi ili ndi minga iŵiri kwa Mmalaŵi. Woyamba ndi mtengo: ku America mankhwala otere amaposa madola 100,000 pa wodwala mmodzi pa chaka, ndalama zimene banja la msodzi silingazipeze ngakhale litagulitsa bwato, ukonde ndi munda. Wachiŵiri ukuchokera m'maselo momwemo. Melanoma ya kuphazi kaŵirikaŵiri ilibe vuto la BRAF lija, ndipo popeza ili ndi zipsera zochepa mu DNA yake, asilikali a m'thupi saizindikira msanga kuti ndi mdani. Motero mankhwala atsopanoŵa sagwira bwino pa iyo monga amagwirira pa melanoma ya dzuŵa. Tsono ngakhale ndalama zikadapezeka, sizikadaombola zonse zimene zidatayika pochedwa. Zida zamphamvu koposa zimene Malaŵi ali nazo pa matendaŵa ndi diso lofulumira ndi mpeni wa dokotala, ndipo zonse ziŵiri zilipo kale.

Mafunso a otsutsa

Wina angafunse, ndipo n'koyenera kutero: kodi m'dera limene malungo, likodzo ndi kolera zimasautsa anthu, m'dziko limene khansa ya khomo la chiberekero ikutha amayi, n'chanzeru kutaya nthaŵi ndi matenda amene wachipatala wa kumudzi mwina angawaone kamodzi pa zaka zingapo? Funsoli likadakhala lolemera pakadapemphedwa nyumba zatsopano kapena makina okwera mtengo. Koma chopemphedwa ndi mphindi imodzi: "Agogo, tavulani nsapato ndione kuphaziko." Ndipo mphindi yomweyo imagwira zambiri: Kaposi yoyamba kumene, chilonda cha matenda a shuga, dzanzi la khate, matekenya mwa ana, ndi khansa ina imene imamera pa zilonda zakale ndi pa zipsera za moto. Msampha wotchera mbeŵa imodzi ukukola zisanu.

Wina anganenenso kuti kuchenjeza anthu kudzadzaza zipatala ndi amantha. Nkhaŵa imeneyi ili ndi maziko, pakuti anthu akuda ambiri ali ndi timadontho kuphazi ndi timizere pa zikhadabo, tobadwa nato kapena todza ndi ukalamba, ndipo n'tosaopsa. Koma yankho lake ndi chidziŵitso chomwecho. Wachipatala wodziŵa amatha kuuza munthu kuti, "Mayi, akaka n'kabwinobwino, koma kakasintha mudzabwere," nalemba kukula kwake m'kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo. Wosadziŵa ndiye amene amanyozera zonse kapena kuopa zonse.

Mantha aakulu m'mudzi ndi akuti kuchipatala amadula miyendo. Apanso choonadi chili ku mbali ya wofulumira. Wobwera msanga amataya kachigamba ka khungu, mwina chala chimodzi, n'kubwerera ku bwato lake. Wochedwa ndiye amataya phazi, ndipo nthaŵi zina kudula sikuthandizanso, chifukwa mbewu idauluka kale. Ngakhale pamenepo chidziŵitso sichikhala chachabe. Dokotala wodziŵa kuti khansa yafika ku chiŵindi sapatsa banja chiyembekezo chabodza chowagulitsitsa mbuzi ndi mpunga wonse. Amalankhula nawo zoona mwachifundo, amapereka mankhwala oletsa ululu monga morphine, amasamalira chilonda kuti chisanunkhe, kuti munthu atsirize masiku ake pakati pa abale ake, ali ndi ulemu wake.

Zoyenera kuchitika

Choyamba chili m'manja mwa masukulu ophunzitsa zachipatala: Kamuzu University of Health Sciences, Malawi College of Health Sciences imene ili ndi nthambi ku Zomba, ndi masukulu a mishoni monga ya St Luke's ku Malosa. Phunziro la melanoma liyambe ndi phazi lakuda, dzuŵa libwere pambuyo, ndipo zithunzi zikhale za makungu a kuno. Amene adaphunzira ku Moshi, m'dziko la Tanzania, kumene sukulu ya matenda a khungu yakhala ikusula akatswiri a maiko a mu Africa kuyambira 1992, akhale aphunzitsi a anzawo m'maboma.

Chachiŵiri ndi lamulo lapafupi lopachikidwa pa khoma la chipatala chilichonse chaching'ono: chilonda cha kuphazi chimene chatsukidwa ndi kumangidwa kwa mwezi umodzi kapena iŵiri osasintha, ndiponso banga lakuda limene likukula, zitumizidwe kwa dokotala wamkulu osadikira mwanabere. Ulendo wa ku Zomba Central umadya ndalama ndi masiku a ntchito, choncho wodwala auzidwe momveka chifukwa chake akutumizidwa, kuti kalata isakathere pa denga la nyumba. Lamya za m'manja, zimene zili ponseponse, zingathe kutumiza chithunzi kuchokera ku Kachulu kukafika kwa katswiri m'kanthaŵi kochepa, wodwala atavomera.

Chachitatu ndi ulendo wa kabotolo. Akatswiri oyeza minofu ndi ochepa m'dziko lino, ndipo zotsatira zikachedwa msodzi amakhala atabwerera ku zimbowera, kumene kalata siifika. Kabotolo kalikonse kakhale ndi munthu wokatsatira, nambala ya lamya ya wodwala kapena ya mbale wake, ndi dzina la mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake. Zotsatirazo zilembedwenso m'kaundula wa khansa, pakuti kafukufuku wa melanoma ya anthu akuda akadali wochepa pa dziko lonse, ndipo sangakule popanda chiŵerengero chochokera m'maiko onga lino.

Chachinayi ndi cha aphunzitsi ndi ana a sukulu. Mphunzitsi wa Biology akafika pa mutu wa khungu ndi melanini, aonjezepo mphindi khumi za phazi. Wophunzira wa Fomu 4 amene amatsuka mapazi a agogo ake madzulo, kapena kuwazula minga, ndiye amaona malo amene dokotala saona. Mwa omaliza sukulu a chaka chino mudzatuluka anamwino, alangizi a zaumoyo ndi madokotala a maŵa, ndipo m'mera mpoyamba. Asing'anga nawonso asasiyidwe kunja, pakuti zilonda zambiri zimayamba kufika kwa iwo. Wouzidwa mwaulemu kuti chilonda chakuda cha kuphazi asachiteme koma achitumize ku chipatala, angapulumutse amene wachipatala sakadawaona.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Melanoma imadza chimodzimodzi, mwakachetechete, yopanda ululu, pamalo pamene mwini wake saona. Koma ili ndi kufooka kumodzi kumene khansa ya m'mimba kapena ya kummero ilibe: imadzilemba yokha pa khungu, miyezi yambiri isanaloŵe m'kati, ndipo imangofuna woŵerenga. Maŵa m'maŵa pa doko la Kachulu mapazi mazanamazana adzatsika m'mabwato n'kusiya zidindo m'matope. Mwa iwo lingakhalemo limodzi lokhala ndi kadontho kosakwana milimita imodzi kuzama kwake. Kuti mwini wake adzapalasebe bwato zaka khumi zikudzazi, pakufunika munthu mmodzi woŵerama n'kuliyang'ana.